Mbiri ya Kalonga wa ku Mankhamba

Adzukulu anga, mukamva dzina loti Kalonga musamaganize za munthu mmodzi. Limenelo ndi dzina la mpando, ndipo alowapo ambiri. Makolo athu a Phiri anachokera ku Uluba, kumene lero kuli dziko la Congo, ndipo amene anawatsogolera poyamba akuluakulu ankamutchula kuti Mazizi. Koma atafika kuno sanapeze dziko lopanda eni. Anapeza a Banda atakhazikika kale, ali ndi akachisi awo a mvula. A Phiri anatenga mpando, a Banda anasunga nthaka ndi mvula. Mayi wa ufumu, Nyangu, anali wa kwa Phiri, ndipo Kalonga akamwalira sankalowa mwana wake ayi, ankalowa wobadwa ku bere la Nyangu. Koma mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankayenera kuchokera kwa a Banda. Mfumu yoopedwa dziko lonse inkagona m'nyumba ya eni nthaka.

Likulu lake linali ku Mankhamba, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, kufupi ndi Mtakataka. Tsono tamverani bwino apa, chifukwa ambiri akamakamba za mafumu amangothamangira ku nkhondo. Ufumu umenewu unaima pa ntchito za manja. Katswiri wofukula zakale, bambo Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anatulutsa zinthu zimene zinagona m'nthaka zaka mazanamazana: mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, mphete ndi zibangili zamkuwa, zidutswa za mbale za ku China, ndi mapale osawerengeka a mbiya zoumba amayi athu, zolembedwa mizere m'khosi. Anapezanso zidutswa za makoza a mnyanga wa njovu, kusonyeza kuti mnyangawo sankangougulitsa wonse kwa alendo, wina ankausema pomwepo n'kuvala okha. Ine zimenezi zimandikhudza mtima, chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti makolo athu ankangodziwa nyanda ndi chikopa basi. Munthu wodziwa kusankha mkanda wa mtundu wakuti n'kukana wina si munthu wamdima.

Nanga mnyanga unkafika bwanji ku Mankhamba? Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagona pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi kambuku nazonso sizinkavalidwa ndi munthu wamba, zinkapita kwa mfumu. Mfumu yaing'ono inkapereka kwa yaikulu, mpaka kukafika kwa Kalonga, ndipo iye ankabweza nsalu ndi mikanda. Mwa njira imeneyo ankadziwa amene akumugwadirabe ndi amene wayamba mwano.

Osula zitsulo musawaiwale. Ankamanga ng'anjo kutali ndi mudzi, ndipo masiku osungunula chitsulo mwamuna sankayandikira mkazi wake, kuopa kuti chitsulo chingakane kutuluka. Makasu, nkhwangwa ndi mikondo zochokera m'ng'anjo zimenezo zinkagulitsidwa kutali, mpaka kwa Apwitikizi a ku Zambezi. Ena amati dzina loti Amalawi linabwera chifukwa cha malawi a ng'anjozo usiku. Ena amaloza ku Mlira, mwambo wa chaka ndi chaka pamene a banja lachifumu ankasonkhana kukumbukira mzimu wa Kalonga amene anawabweretsa kuno, kenako n'kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja. Ine ndimaima ndi a Mlira, pakuti moto umenewo unali wa ufumu weniweni, sunkayatsidwa ndi munthu wamba.

Banja likakula siligona m'nyumba imodzi. Kaphwiti ndi Lundu, abale a Kalonga, anatsikira ku Shire. Kumeneko anthu awo ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu yolimba yotchedwa machila, imene inkayenda ngati ndalama m'chigwa chonse cha Zambezi. Undi naye anachoka atakhumudwa pa nkhani ya kulowa ufumu, n'kukakhazikika ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Koma Undi sanachoke chimanjamanja. Anatenga Nyangu ndi mbumba, moti pambuyo pake a ku Mankhamba akafuna Kalonga watsopano ankayang'ana kwa Undi. Apwitikizi analemba za mfumu ina yamphamvu ya Amalawi, Muzura, imene Gaspar Bocarro anacheza nayo mu 1616 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo mu 1622 Muzurayo anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo. Abale okhaokha, koma mnyanga unawadanitsa.

Ngakhale Undi ndi mphamvu zake zonse, chilala chikavuta ankatumiza mphatso ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kwa Makewana, mayi wa ana onse. Mayi ameneyu sankameta tsitsi, chifukwa ankati kulimeta n'kudula mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, ndipo ng'oma ya pakachisi, Mbiriwiri, inali ndi woimba wake wake, Tsang'oma. Ikalira ng'oma imeneyo, anthu ankadziwa kuti nthawi yopempha mvula yakwana. Mu Msinja simunkaloledwa nkhondo, ndipo ngakhale mfumu inkafikamo modzichepetsa.

Inu atsikana, nkhani iyi ndi yanunso. M'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, muli zojambula za mitundu iwiri. Zofiira ndi za Akafula, amene anali kuno tonse tisanabwere. Zoyera, zopaka ndi chala, zambiri ndi za anamkungwi athu, amene ankatengera anamwali kumeneko kukawalangiza, ndipo zina ndi za nyau. Malo ojambulidwawo alipo 127, ndipo mu 2006 a UNESCO anawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amabwera kudzajambula, koma tanthauzo la zithunzizo amalidziwa ndi amene anavinidwa. Za kudambwe sindinena pano, pali osameta. Ndingokuuzani kuti si mfumu iliyonse imene inali ndi mzinda. Kukhala ndi bwalo lotulukirapo Kasiyamaliro unali ulemu wochita kupatsidwa.

Mankhamba anatha m'zaka za m'ma 1860, pamene Kalonga Sosola anaphedwa ndi Ayao, ndipo Msinja anapasulidwa ndi Angoni. Mpando unatsala m'manja mwa a Undi, amene m'zaka za m'ma 1930 anasamukira ku Zambia. Ndi chifukwa chake lero timati Kalonga Gawa Undi, ndipo mwezi wa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amapita ku Mkaika, ku Katete, kukachita Kulamba, atatenga mphatso, anamwali ndi zilombo zawo.