Chipinda Chogulitsiramo Magalimoto cha Max Hoffman

Anthu akamakamba za nyumba zofunika kusungidwa, kawirikawiri amaganiza za matchalitchi, nyumba za mafumu ndi maofesi akale a boma. Ndi ochepa amene amaganizako za sitolo. Komatu malo a malonda nawonso amasunga mbiri ya anthu ndi luso la amisiri. Mbiri ya chipinda china chogulitsiramo magalimoto mumzinda wa New York, m'dziko la America, ikusonyeza mmene luso lotere limabadwira ndiponso mmene limatayikira.

Mwini chipindachi adali Max Hoffman, yemwe adabadwira ku Vienna, m'dziko la Austria, m'chaka cha 1904. Iye adafika ku New York mu 1941 pothawa nkhondo ya ku Ulaya. Mu 1947 adayamba kugulitsa magalimoto opangidwa ku Ulaya, monga Jaguar, kenako Porsche ndi Mercedes-Benz. Ntchitoyi siidali yapafupi. Anthu a ku America adazolowera magalimoto akuluakulu opangidwa kwawo konko, ndipo galimoto yaing'ono yachilendo ankaiona ngati choseweretsa. Hoffman adazindikira kuti munthu wachuma sagula chitsulo chabe, koma amagulanso ulemu. Choncho malo oonetsera galimoto adayenera kukhala aulemu monga galimotoyo.

Pofuna kukwaniritsa cholinga chimenechi, Hoffman adapita kwa Frank Lloyd Wright, katswiri wotchuka wojambula mapulani a nyumba. Wright adabadwa mu 1867, kotero pamene ankajambula pulani ya chipindachi mu 1954 n'kuti ali nkhalamba ya zaka zoposa 85. Malo amene adapatsidwa adali ovuta. Sadamange nyumba yatsopano ayi, koma adangokonza m'kati mwa chipinda chapansi cha nyumba yosanjikiza ya maofesi, pa nambala 430 mumsewu wa Park Avenue. Kukula kwa chipindacho kudali masikweya mita pafupifupi 330. Kwa munthu wogulitsa magalimoto, malowa adali opanikiza kwambiri.

Wright adagonjetsa vutoli m'njira zitatu. Poyamba, pakati pa chipinda adaikapo nsanja yobulungira imene inkazungulira pang'onopang'ono ngati mbale ya galamafoni. Pansanjapo pankakhala magalimoto atatu kapena anayi. Wogula sankavutika kuizungulira galimoto, chifukwa galimotoyo ndiyo inkatembenuka yokha n'kumuonetsa kumaso, m'mbali ndi kumbuyo. Ngakhale munthu wongodutsa mumsewu ankakopeka akasuzumira pawindo, pakuti diso silichedwa kutsata chinthu choyenda.

Chachiwiri, m'mbali mwa nsanjayo adamangamo njira yopanda masitepe, yokwera pang'onopang'ono ndi yokhota ngati chigoba cha nkhono. Munthu akamakwera njirayi ankaona magalimoto ali m'munsi mwake, motero ankatha kupenya denga ndi maonekedwe onse a galimoto, zimene sakadaziona ataima pansi. Chachitatu, adagwiritsa ntchito magalasi odziyang'anira ndi zitsulo zonyezimira. Magalasiwo ankabwereza chithunzi cha galimoto iliyonse, ndipo chipinda chopanikiza chija chinkaoneka chotakasuka.

Chipindachi chidakonzedwera magalimoto a Jaguar, koma pamene ntchito inkatha mu 1955 n'kuti ubale wa Hoffman ndi kampaniyo utazirala. M'malo mwake mudalowa magalimoto a ku Germany, ndipo patangopita zaka zochepa kampani ya Mercedes-Benz idatenga malowo. Wright adalandira magalimoto awiri a Mercedes-Benz ngati gawo la malipiro ake, ndipo adajambulanso pulani ya nyumba yogona ya Hoffman ku Rye, kunja kwa mzindawo.

Kufunika kwa chipindachi kumaoneka bwino chikayerekezedwa ndi ntchito zina za Wright. Njira yokhota ngati nkhono adali ataiyesapo kale mu 1948 m'sitolo ya V. C. Morris ku San Francisco. Njira yomweyo ndiyo mtima wa Guggenheim Museum, nyumba yotchuka yoonetseramo zojambula ku New York, imene idatsegulidwa mu Okutobala 1959, Wright atamwalira kale mu Epulo chaka chomwecho. Ku Guggenheim anthu amayenda m'njira yokhota akuona zithunzi. Kwa Hoffman ankayenda m'njira yotere akuona magalimoto. Ganizo lidali limodzi: chinthu chokongola chimamveka bwino munthu akamachiona akuyenda.

Kampani ya Mercedes-Benz idakhala m'chipindachi zaka zoposa 50. M'kati mwa nthawiyi zina zidasinthidwa, makamaka mu 1982, koma nsanja ndi njira yokhota zidatsala. Kumapeto kwa 2012 kampaniyo idasamuka, ndipo chipinda chidakhala chopanda kanthu. Apa m'pamene okonda zakale adadzidzimuka.

Mzinda wa New York udali nalo lamulo loteteza nyumba zakale. Lamuloli lidakhazikitsidwa mu 1965, anthu atadandaula kwambiri ndi kugwetsedwa kwa siteshoni yokongola ya sitima ya Pennsylvania Station, kumene kudayamba mu 1963. Mu 1973 lamulo lidawonjezedwa kuti lizitetezanso m'kati mwa nyumba zimene anthu wamba amalowamo, malinga ngati zakwanitsa zaka 30. Chipinda cha Hoffman chidakwanitsa zakazo cha m'ma 1985, koma chidafika mu 2013 chisadalembedwe m'kaundula wa malo otetezedwa.

Pa 22 Malichi 2013, bungwe la Landmarks Preservation Commission lidadziwitsa eni nyumbayo kuti likuganiza zoteteza chipindacho, ndipo pa 25 Malichi lidawalembera kalata. Pa 28 Malichi eni ake adapempha chilolezo chophwasula m'katimo ku nthambi ina ya mzinda yoona za zomangamanga. Chilolezocho chidaperekedwa tsiku lomwelo. Pofika kumayambiriro kwa Epulo, nsanja, njira yokhota ndi magalasi zonse zidali zitachotsedwa. Eni nyumbayo sadaphwanye lamulo lililonse, pakuti chipinda chidali chisadatetezedwe. Pambuyo pake pamalopo padatsegulidwa nthambi ya banki. Mwa ntchito zitatu za Wright zimene zidalipo mumzindawo, padatsala ziwiri: Guggenheim ndi nyumba ina yogona ku Staten Island.

Mu 2019 bungwe la UNESCO lidalemba nyumba 8 za Wright, kuphatikizapo Guggenheim, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu umenewu udapeza chipinda cha Hoffman chitatha zaka 6 chiphwasulidwire. Chidatayika chifukwa anthu ankachiona ngati sitolo chabe, malo oitanirana mitengo. Mwini nyumba amayang'ana lendi, ndipo sadikira kuti akatswiri amalize kukambirana. Lamulo lidalipo, bungwe lidalipo, nthawi nayo idalipo yokwana zaka pafupifupi 28, koma kalata idalembedwa kutatsala masiku atatu okha. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Lero wofuna kudziwa mmene Wright adasandutsira chipinda chopanikiza kukhala bwalo la magalimoto angathe kungoona zithunzi ndi mapulani basi.