Zoyenera kudziwa musanayambe kusambira pansi pa madzi pa Nyanja ya Malawi

Nyanja ya Malawi ndi amodzi mwa malo otchuka pa dziko lapansi pa masewero osambira pansi pa madzi mogwiritsa ntchito silinda ya mpweya, omwe amadziwika kuti scuba. Ngakhale zili choncho, masewerowa amadziwika kwambiri pakati pa alendo ochokera kunja kusiyana ndi eni dziko, kuphatikizapo ogwira ntchito m'boma omwe amapita kunyanja kawirikawiri kukachita misonkhano.

Masewerowa salira mphamvu zambiri, koma ali ndi malamulo omwe munthu akawaphwanya akhoza kulumala kapena kutaya moyo. N'chifukwa chake aliyense wofuna kuyamba ayenera kudzera kwa mlangizi wovomerezeka.

Chiyambi cha masewerowa

Chipangizo chomwe chidatsegula njira ya masewerowa chidapangidwa m'dziko la France m'chaka cha 1943 ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan. Chipangizocho, chomwe chidatchedwa Aqua-Lung, chimapereka mpweya wochokera m'silinda nthawi iliyonse munthu akakoka mpweya, ndipo mphamvu ya mpweyawo imafanana ndi ya madzi omuzungulira.

M'chaka cha 1966 John Cronin ndi Ralph Erickson adakhazikitsa bungwe la PADI m'dziko la America. Bungweli, pamodzi ndi ena monga SSI, NAUI ndi CMAS, limakonza ndondomeko za maphunziro komanso kupereka ziphaso zomwe zimalandiridwa m'maiko ambiri. Chiphaso chomwe munthu watengera ku Nkhata Bay chimagwira ntchito ngakhale ku Zanzibar kapena ku Egypt.

Chokopa cha nyanjayi

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Zodziwika kwambiri ndi mbuna, tinsomba ta mawanga owala tokhala m'miyala. Wosambira pansi pa madzi amatha kuona nsomba zazikazi zikusunga ana m'kamwa, komanso zisa zamchenga zomwe nsomba zazimuna zimamanga pokopa zazikazi.

Paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'boma la Mangochi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Malo monga Otter Point ndi zilumba za Thumbi West, Domwe ndi Mumbo ali m'pakiyi. Kumpoto, masewerowa amachitika ku Nkhata Bay ndi pa chilumba cha Likoma.

Madzi a nyanjayi ndi ofunda chaka chonse ndipo alibe mchere, zomwe zimapeputsa ntchito kwa wophunzira. Nyengo ya mwera, pakati pa miyezi ya June ndi August, nyanja imawinduka, ndipo nthawi yabwino kwambiri ndi pamene mphepoyo yaleka mvula isanayambe.

Maphunziro ake

Gawo loyamba la maphunziro a PADI limatchedwa Open Water Diver ndipo kawirikawiri limatenga masiku atatu kapena anayi. Wophunzira ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 10, kusambira mtunda wa mamita 200 osapumira komanso kuyandama kwa mphindi 10.

Maphunzirowa ali m'magawo atatu: kuwerenga ndi kulemba mayeso, kuyeserera kasanu pa madzi osaya, ndi kulowa kanayi m'nyanja pamodzi ndi mlangizi. Mwa zina, wophunzira amaphunzira kuchotsa madzi m'magalasi akumaso ali pansi pa madzi, kupezanso chopumira chikachoka pakamwa ndiponso kugawana mpweya ndi mnzake.

Wakhoza amaloledwa kutsika mpaka mamita 18, pomwe ana a zaka 10 ndi 11 malire awo ndi mamita 12. Gawo lachiwiri limafikitsa munthu pa mamita 30, ndipo malire a onse osambira mongosangalala ndi mamita 40. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 chakumpoto, choncho malirewa ndi ofunika kuwasunga.

Zida zofunika ndi magalasi akumaso, zipsepse zakumapazi, chovala cha labala choteteza kuzizira, lamba wa zitsulo zolemera, jekete youziramo mpweya yothandiza kuyandama, silinda, chopumira ndi geji. Masukulu amabwereketsa zidazi, kotero wongoyamba kumene safunika kugula. M'silinda mumakhala mpweya wamba wopanikizidwa kufika pa mlingo wa mabaa 200, osati okosijeni yekha monga ena amaganizira.

Chifukwa chake malamulo ndi okhwima

Pafupifupi malamulo onse a masewerowa amachokera pa kulemera kwa madzi. Pa mamita 10, mphamvu yopanikiza thupi imakhala yowirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, ndipo pa mamita 20 imawirikiza katatu. Mpweya umafinyika munthu akamatsika ndipo umafufuma akamakwera.

Lamulo loyamba ndi lakuti wosambira asamange mpweya. Munthu akadzaza mapapo pa mamita 10 n'kukwera osatulutsa mpweya, mpweyawo umakula kawiri ndipo ukhoza kung'amba mapapo. Potsika, wosambira amatsina mphuno n'kuuzira pang'onopang'ono kuti makutu atseguke. Wodwala chimfine amalephera kuchita izi ndipo sayenera kulowa m'madzi.

Vuto lina limadza ndi nayitirojeni, yemwe ndi pafupifupi magawo 79 pa magawo 100 a mpweya womwe anthu amapuma. Pansi pa madzi nayitirojeni amasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Munthu akakwera mofulumira, mpweyawu umapanga thovu m'thupi monga zimachitikira potsegula botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi. Zotsatira zake ndi kuphwanya kwa mfundo za mafupa, dzanzi, chizungulire ngakhalenso kufa ziwalo. Woonetsa zizindikirozi amafunika okosijeni ndi chithandizo cha kuchipatala mwamsanga.

Pofuna kupewa izi, wosambira sapyola liwiro la mamita 18 pa mphindi pokwera, amaima kwa mphindi zitatu pa mamita 5, ndipo amabwerera pamwamba m'silinda mukadali mabaa 50. Palibe woyenera kulowa yekha. Awiriawiri amayenderana zida asanalowe ndipo amalankhulana ndi manja. Chala chachikulu choloza m'mwamba chimatanthauza kuti akwere, osati kuti zonse zili bwino.

Ulendo wobwerera kumtunda

Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Malo aliwonse opyola mamita 300 amawerengedwa kuti ndi okwera, ndipo alangizi amasintha mawerengedwe a nthawi yomwe munthu angakhale pansi.

Nayitirojeni amatenga maola angapo kuti atuluke m'thupi. Malangizo ndi akuti munthu adikire maola osachepera 12 asanakwere ndege ngati walowa kamodzi, ndi maola 18 ngati walowa kangapo. Kukwera mapiri pa galimoto nakonso kumachepetsa mphamvu ya mpweya wozungulira thupi. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita opitirira 1,000, Mzuzu pa mamita opitirira 1,200, ndipo msewu wa Golomoti umakwera kukafika kumapiri a Dedza. Wogwira ntchito yemwe akufuna kusambira tsiku lotsekera msonkhano ayenera kumuuza mlangizi nthawi yomwe anyamuke komanso njira yomwe adzere asanalowe m'madzi.

Umoyo ndi chilengedwe

Asanayambe maphunziro, aliyense amadzaza fomu ya zaumoyo. Omwe ali ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu kapena shuga amafunika chilolezo cha dokotala, ndipo amayi oyembekezera saloledwa. Kubisa matenda pa fomuyi kumaika pachiswe moyo wa wosambira ndi wa mnzake. Mowa nawo ndi woletsedwa munthu asanalowe m'madzi.

Likodzo limapezeka m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja, makamaka pa madzi osaya okhala ndi nkhono. Osambira amalangizidwa kukayezetsa kuchipatala, komwe matendawa amachizidwa ndi mankhwala a praziquantel.

M'paki ya Lake Malawi, yomwe ili pansi pa dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, alendo amalipira polowa, ndipo kugwira nsomba m'madera otetezedwa ndi mlandu.

Posankha sukulu, wophunzira ali ndi ufulu wopempha kuona chiphaso cha mlangizi, kufunsa ngati masilinda amayesedwa pa nthawi yake komanso ngati m'boti muli okosijeni wothandizira pa ngozi. Yemwe sanatsimikize ngati masewerowa angawakonde akhoza kuyamba ndi phunziro la tsiku limodzi lolawa chabe, lomwe mlangizi amamuperekeza osapyola mamita 12.