Nkhope za ku Fayum zimene phula linasunga

Mu 1888, Flinders Petrie, katswiri wa ku Britain wofukula zakale, ankakumba manda ku Hawara, m'chigawo cha Fayum ku Egypt. Mitembo ina yokulungidwa m'nsalu inali ndi kathabwa kumaso, ndipo pakathabwapo panali nkhope ya mwini wake: maso aakulu, tsitsi lopesedwa bwino, amayi atavala ndolo. Anthuwa anali atamwalira zaka zoposa 1,600 m'mbuyomo, Egypt akulamulidwa ndi Aroma, koma khungu lawo linkawalabe ngati angodzola kumene mafuta.

Ambiri mwa matabwawo anajambulidwa ndi phula la njuchi. Mmisiri ankalisungunula pamakala, kuthiramo utoto waufa, n'kumapaka likadali lotentha. Apa ndiye panagona ntchito. Phula silidikira munthu, ukangolichotsa pamoto layamba kale kuuma. Dzanja linkayenera kufulumira, ndipo posalaza tsaya kapena mphuno mmisiri ankagwiritsa ntchito kachitsulo kotenthetsa. Timizere ta kachitsuloko timaonekabe mpaka lero. Mwina n'chifukwa chake nkhopezi zimaoneka zamoyo chonchi, wojambula analibe mpata wokometsera munthu mopitirira. Phula sililowa madzi, ndipo mchenga wouma wa m'chipululu unathandizanso kuti zisaole. Zithunzi za mtunduwu zodziwika lero zilipo pafupifupi 900, ngakhale kuti si zonse zili za phula.

Lusoli linachokera kwa Agiriki, amene ankamatanso zombo zawo ndi phula. Pliny wamkulu, mlembi wachiroma, anatamanda Pausias wa ku Sicyon kuti anali katakwe pa ntchitoyi, koma zojambula zake zonse zinatayika. Akhristu oyambirira analitengera lusoli, ndipo chithunzi cha Yesu cha m'zaka za m'ma 500 chikusungidwabe ku nyumba ya amonke ya St Catherine ku Sinai. Kenako amisiri anatembenukira ku utoto wosakaniza ndi dzira, pambuyo pake wa mafuta. Ndani akanafuna kumangokolezera makala tsiku lonse?

Mbaula zamagetsi zitabwera, vuto la moto linatha. Mu 1954, Jasper Johns wa ku America anayamba kujambula mbendera ya dziko lake ndi utoto wopakira nyumba, koma unkachedwa kuuma. Anasinthira ku phula, n'kumaviikamo zidutswa za nyuzipepala. Chithunzicho, chotchedwa Flag, chili ku Museum of Modern Art ku New York.