Kuumba Mtengambali m'Masewera a Nthano a pa Tebulo

Masewera a nthano a pa tebulo ndi amene anthu angapo amaluka nthano imodzi, aliyense akuyankhulira mtengambali wake. Mmodzi amatsogolera ngati wokamba nthano madzulo, koma enawo sangovomera kuti "tili tonse". Amasankha zochita, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka. Asanayambe, wosewera aliyense amaumba mtengambali wake papepala, potsata imodzi mwa njira ziwiri kapena kuzisakaniza.

Njira ya magulu

Njirayi inabwera ndi Dungeons & Dragons, masewera amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Magulu anali atatu: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Wakuba anawonjezedwa mu 1975, ndipo buku la osewera la 2014 lili ndi magulu 12. Gulu ndilo limanena zida, mphamvu ndi zimene mtengambali adzaphunzire akamakwera.

Zimafanana ndi masanje a ana ku Phalombe ndi kwina konse m'Malawi: wotchedwa mayi, mphika ndi wake, wotchedwa fisi, onse akudziwa kuti abwera kudzaba ndiwo. Wosewera watsopano amagwira msanga, ndipo ntchito zimagawika popanda mkangano. Vuto lake n'lakuti ankhondo awiri amatha kufanana ngati mapasa.

Njira ya maluso

Kuno mtengambali amadziwika ndi zimene amatha. Mu Traveller, ya Marc Miller ya 1977, maluso amachokera ku ntchito imene mtengambali anagwirapo, monga usilikali kapena malonda, ndipo ankatha kufa akuumbidwa kumene, nthano isanayambe. Mu RuneQuest ya 1978 luso lililonse limayezedwa pa 100, ndipo limakula likagwiritsidwa ntchito. GURPS, ya Steve Jackson ya 1986, imapatsa wosewera mapointi oti agulire maluso. Akavomera chofooka, monga mantha, amawonjezeredwa mapointi ena. Ufulu ndi wochuluka, koma kuwerengera kumadya nthawi, ndipo wosazolowera angathe kumwaza mapointi n'kutsala ndi mtengambali wodziwa zonse pang'onopang'ono, wosadalirika pa chilichonse.

Kusakaniza

Masewera ambiri amatapa uku ndi uku. Dungeons & Dragons ya 2000 inasunga magulu koma inapatsa wosewera mapointi ogawa ku maluso, ndipo inafewetsa malamulo oti mtengambali mmodzi akhale m'magulu awiri.