Wi-Fi ikasowa pa Linux: vuto lomwe linayamba ndi pulintala

Sabata ino ndikulankhula ndi inu amene mwangochotsa Windows pa laputopu n'kuikapo Linux, kaya Ubuntu kaya Mint. Mwina munatero chifukwa pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pomwe Windows 11 ikuikana laputopu yanu yakaleyo. Kuika kwatheka, makina ayaka, koma Wi-Fi sikuoneka, kapena mawu sakumveka, kapena pulintala yangoti zii. Musanapse mtima n'kunena kuti zaulere n'zachabechabe, imvani kaye kumene vutoli linachokera. Latha zaka zoposa 40, ndipo mukadziwa mbiri yake mudziwanso poyambira kulithetsa.

Chipangizo chilichonse cha m'kompyuta chimafuna kapulogalamu kotchedwa driver. Kameneka kali ngati womasulira: kamamva zomwe Linux ikufuna n'kuuza chipangizocho m'chinenero chake. Tsono mwini chinenerocho ndi kampani yomwe inapanga chipangizo. Kampani ikalembera Windows yokha driver, chinenerocho n'kuchibisa, ndiye kuti pa Linux womasulira palibe. Chipangizo n'chabwinobwino, kungoti sakumvana.

Cha m'ma 1980, pasukulu ya ukachenjede ya MIT ku America panafika pulintala yatsopano ya Xerox yomwe inkakonda kukodwa mapepala. Katswiri wina wa pomwepo, Richard Stallman, anali atakonzapo pulogalamu ya pulintala yakale kuti izichenjeza anthu mapepala akakodwa. Anafuna kuchita chimodzimodzi pa yatsopanoyo, koma atapempha source code, kutanthauza malemba enieni omwe pulogalamu imapangidwira, anam'mana. Zinamuwawa bamboyo. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu oti aliyense akhale ndi ufulu wowawerenga, kuwakonza ndi kugawira anzake.

Mtima wa dongosolo lonselo, womwe umalankhula ndi zipangizo, unadzachokera ku Finland. Pa 25 Ogasiti 1991, mnyamata wazaka 21 wophunzira payunivesite ya Helsinki, Linus Torvalds, analengeza kuti akulemba wake mongosewera. Anachenjezeratu kuti mwina udzagwira pa mtundu umodzi wokha wa hard disk, poti ndi womwe iye anali nawo. Mwaonatu? Kuyambira tsiku loyamba, Linux inkadziwa zipangizo zokhazo zomwe munthu wina anali nazo m'manja n'kuzilembera driver. Chipangizo chilichonse chomwe chagwira bwino pa laputopu yanu lero, alipo anachikhalira pansi.

Amene ankaika Linux m'ma 1990 ankaona zakuda. Slackware ya mu 1993 inkabwera pa ma floppy disk oposa 20. Kuti chithunzi chioneke, munthu ankalemba yekha manambala a sikirini yake m'fayilo, ndipo malangizo ankachenjeza kuti ukalakwitsa nambala sikirini itha kuonongeka. N'chifukwa chake magulu a okonda Linux ankakonza masiku otchedwa installfest: unkanyamula kompyuta yonse kupita nayo kuholo, odziwa n'kukuthandiza ulele. Kumapeto kwa zaka zimenezo kunabwera ma modem otsika mtengo omwe ntchito yawo yambiri inkachitidwa ndi pulogalamu ya Windows. Anthu anawatcha winmodem. Pa Linux ambiri mwa iwo ankangokhala ngati mwala.

Itafala Wi-Fi, msampha unakula: kuti upeze driver uyenera kulowa pa intaneti, koma kuti ulowe pa intaneti uyenera kukhala ndi driver. Mu 2003 kunatuluka NDISwrapper, pulogalamu yonyengerera driver ya Windows kuti igwire ntchito pa Linux. Ena anafatsa n'kumafufuza okha mmene tizipangizo ta Wi-Fi ta kampani ya Broadcom timagwirira ntchito, mpaka analemba driver yawo. Kampaniyo inadzatulutsa driver yosabisa mu 2010.

Pano mpomwe Africa ikulowa m'nkhaniyi. Mark Shuttleworth wa ku South Africa, atagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999, anaika chuma chake pa Linux yoti munthu wamba aziika yekha. Ubuntu yoyamba inatuluka pa 20 Okutobala 2004, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Poona kuti m'maiko ambiri intaneti inali yodula ndi yochedwa, ankatumiza ma CD ulele papositi kulikonse padziko mpaka mu 2011. Ku South Africa komweko kunaikidwanso makina otchedwa Freedom Toaster, pomwe munthu ankapita ndi CD yopanda kanthu n'kudzijambulira Linux. Luso lina linali litachokera kale ku Germany, komwe Klaus Knopper anapanga Knoppix, Linux yoyaka kuchokera pa CD, yozindikira yokha zipangizo popanda kukhudza hard disk. Lija mumayesa Linux pa flashi musanaiike, njira inafalitsidwa ndi ameneyo.

Nkhondo ya ma driver sinathe msanga. Mu Juni 2012, akulankhula payunivesite ya Aalto ku Finland, Torvalds anadzudzula poyera kampani ya Nvidia kuti ndi yovuta kugwira nayo ntchito, mpaka anaimikira kamera chala chapakati. Panapita zaka 10 kuti kampaniyo itsegule mbali ina ya driver yake, mu Meyi 2022. Nawonso a Debian, omwe kwa zaka zambiri ankakana kuika timapulogalamu tobisika ta m'zipangizo, totchedwa firmware, pa CD yawo yovomerezeka, anavota mu 2022 kuti aziikamo. Debian 12 ya mu Juni 2023 inatuluka nato. Anaona kuti ufulu uvuta kuulalikira kwa munthu yemwe Wi-Fi yake siikuyaka.

Ndiye inu mutani usiku uno? Choyamba, lumikizani foni ya Android ku laputopu ndi chingwe, muyatse USB tethering. Kawirikawiri imagwira pompo, msampha uja wathyoka. Kenako tsegulani Additional Drivers ngati muli pa Ubuntu, kapena Driver Manager pa Mint, muone ngati driver yosowayo ikukudikirani. Zikakanika, tsegulani Terminal mulembe lspci, kenako lsusb. Mudzaona dzina lenileni la kachipangizo komwe kakuvutako. Driver ikaikidwa koma osagwirabe, onani Secure Boot, yomwe inafala ndi Windows 8 mu 2012, chifukwa imatsekereza driver yopanda siginecha.

Zikavutabe, funsani, paja safunsa anadya phula. Koma funsani ngati munthu wofuna kuthandizidwa. Mukangoti "Wi-Fi sikugwira", palibe angakuyankheni zogwira mtima. Tchulani mtundu wa laputopu, Linux yomwe mwaika ndi nambala yake, dzina la kachipangizo, ndi uthenga womwe makina alemba, liwu ndi liwu. Ndipo mukalipeza yankho, bwererani pomwe munafunsa paja mukalembe chomwe chathandiza. Wina amene ali ndi laputopu yonga yanu adzalifuna mawa.