Mafuwa Atatu a Boma

Nkhalamba za ku Petauke ndi ku Nyimba zikumbukira masiku amene mphamvu zinali m'dzanja limodzi. Bwana Disi ndiye anali wokhometsa msonkho, ndipo yemweyo ndiye anali woweruza munthu wolephera kusonkha. M'caka ca 1929 Boma la Northern Rhodesia linapatsa mafumu, monga Kalindawalo wa Ansenga, mphamvu ya kuika malamulo ang'ono ndi kuweruza mirandu. Koma wodandaula ndi ciweruzo ca mfumu anapita kwa Disi yemweyo. Nanga wosauka akadathawira kuti?

Ufulu utadza pa 24 October 1964, mphamvu zinagawidwa patatu, monga mafuwa a mphika. Nyumba ya Malamulo ipanga malamulo ndi kubvomereza ndalama. Pulezidenti ndi nduna zace ayendetsa dziko motsata malamulowo. Makhoti aweruza, ngakhale woimbidwa mlandu akhale Boma lomwe. M'1966 mabwalo a mafumu nawonso anasanduka makhoti a Boma.

Mafuwawa anayesedwa m'1969. Khoti Lalikuru ku Lusaka litamasula asilikari awiri a Cipwitikizi amene analumpha malire kucokera ku Angola, Pulezidenti Kaunda anakwiya nafunsa cifukwa cace. Mkulu wa oweruza, James Skinner, anaikira kumbuyo ciweruzoco. Anyamata anathira nkhondo khotilo, ndipo Skinner anatula pansi udindo wace.

Fuwa limodzi likagwedezeka mphika upendekeka, ndipo wopsa ndi phala ndiye munthu wamba wokhala pafupi ndi moto.