Timibulu tonyamula mankhwala m'thupi

Iti ndi timibulu tosaoneka ndi maso, tambiri tochepera mananomita 200 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita). Tina timapangidwa ndi polima, monga PLGA, ndipo timakhala ndi tizibowo ngati chinkhupule. Mankhwala amalowa m'tizibowomo, n'kumatuluka pang'onopang'ono pamene polimayo ikusungunuka m'thupi. Motero wodwala samwa kapena kubayidwa pafupipafupi, ndipo ziwalo zabwinobwino sizipsa kwambiri ndi ukali wa mankhwala.

Tambiri ta polima tikadali m'manja mwa ofufuza. Tomwe tafika kale m'zipatala za m'Malawi ndi tinzake topangidwa ndi mafuta. Chitsanzo chake ndi amphotericin B wokutidwa m'mafuta, mankhwala a matenda oumitsa khosi obwera ndi Cryptococcus, omwe amapha anthu ambiri amene HIV yawafooketsa. Akale, osakutidwa m'mafuta, ankaperekedwa pa dripi kwa sabata yathunthu kapena ziwiri, ndipo ankawononga impso ndi kuchepetsa magazi.

Kafukufuku wa AMBITION, yemwe anachitikira m'maiko asanu kuphatikizapo m'zipatala za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, anaonetsa mu 2022 kuti dripi imodzi yokha ya mankhwala okutidwa m'mafutawa, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imapulumutsa anthu mofanana ndi njira yakaleyo, koma mavuto ake n'ngochepa. WHO inavomereza njirayi chaka chomwecho.

Kwa wodwala wa ku Nsaru kapena Kabudula wotumizidwa ku Lilongwe, uku n'kupepukidwa kwenikweni, chimodzimodzinso kwa womudikirira amene wasiya munda kumudzi.